Ngongole ya Sukulu ku Amereka: Mmene Denga Linatsalira pa Mutu Umodzi

Otsogolera makalasi athu a kuwerenga ndi kulemba, tiyambe ndi munthu amene tonse timamdziwa. Eduardo Mondlane anakula akuweta ziweto ku Manjacaze, ndipo sukulu anaiyamba atasinkhukirapo kale, monga acitira ambiri a m'makalasi athu. M'caka ca 1951, ali ndi zaka 31, anafika ku Oberlin College m'cigawo ca Ohio ku Amereka, mothandizidwa ndi bungwe la Phelps Stokes Fund. Anatenga digiri yoyamba mu 1953, napitiriza ku Northwestern University mpaka analandira udokotala wa maphunziro. Cifukwa ca nkhani zonga imeneyi, ambiri a ife tikamva dzina la Amereka timaganiza za dziko limene khomo la sukulu n'lotsegukira aliyense.

Koma zaka 70 zotsatira zikusimba zina. Pofika 2024, anthu pafupifupi 43 miliyoni a ku Amereka anali ndi ngongole ku boma lawo cifukwa ca sukulu, ndipo ngongole yonse pamodzi inali mabiliyoni oposa 1,600 a madola. Anthu amenewa ndi oculuka kuposa anthu onse a m'Mozambiki muno. Ena mwa iwo tsitsi layera kale, koma akadalipirabe sukulu imene anaphunzira ali anyamata.

Kodi zinatheka bwanji m'dziko lolemera cotero? Akulu amati mutu umodzi susenza denga. Mbiri imene tisimbe pano ndi ya denga limene poyamba analisenza anthu ambiri, koma osenzawo anali kucokapo mmodzimmodzi mpaka linatsalira pa mutu wa wophunzira yekha.

Nthawi imene ankasenza pamodzi

Tiyenera kudziwa coyamba kuti dziko la Amereka lili ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciliconse cili ndi boma lake, misonkho yake ndi mayunivesite ake. Pamwamba pa zonsezi pali boma lalikulu la ku Washington.

Mu 1862, nkhondo yapaciweniweni ili mkati, Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo la Morrill. Boma lalikulu linapatsa zigawo malo aakulu kuti zigulitse ndi kumanga makoleji ophunzitsa ulimi ndi umisiri kwa ana a anthu wamba. Tisabise: malo ambiri mwa amenewo anali olandidwa kwa eni nthaka, Amwenye a ku Amereka. Komabe maganizo anali akuti maphunziro apamwamba amapindulira dziko lonse, conco dziko lonse lisonkhepo. Mumzinda wa New York munali kale koleji yaulere kuyambira 1847.

Maganizo amenewa anafika pacimake mu Juni 1944, pamene Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasaina lamulo lothandiza asilikali obwera ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, lodziwika kuti GI Bill. Boma linkalipira fizi mpaka madola 500 pa caka, ndalama imene masiku amenewo inkakwanira ngakhale pa mayunivesite odula, ndi kuwonjezapo kandalama kodyera mwezi uliwonse. Asilikali oposa 2 miliyoni analowa m'makoleji, ndipo mu 1947 pafupifupi theka la olowa koleji anali ocokera ku nkhondo. Palibe amene anauzidwa kuti adzabweze. Asilikali akuda, makamaka a m'zigawo za kum'mwera, ambiri anatsekeredwa kunja cifukwa ca tsankho, ndipo bala limenelo tidzakumana nalonso kutsogoloku.

Mu 1960 cigawo ca California cinakhazikitsa dongosolo lake lochuka la maphunziro, lolonjeza kuti mwana wa m'cigawoco adzapeza malo m'koleji popanda kulipira fizi ya maphunziro, kupatula tindalama tocepa ta zofunika zina.

Mmene ngongole inalowera

Ngongole sinalowe ngati mdani. Inalowa ngati mlendo wabwino. Mu Okutobala 1957 dziko la Soviet Union linaponya m'mlengalenga cipangizo ca Sputnik, ndipo Amereka anacita mantha kuti atsalira pa sayansi. Caka cotsatira, 1958, boma linayamba kukongoza ophunzira ndalama pa ciwongola dzanja cocepa.

Kenaka kunabwera Pulezidenti Lyndon Johnson, munthu amene ifeyo aphunzitsi tingamumvetse. Ali mnyamata anaphunzitsapo ana osauka ocokera m'mabanja a ku Mexico m'tauni yaing'ono ya Cotulla ku Texas, ndipo umphawi wa ana amenewo sanauiwale. Pa 8 Novembala 1965 anakasainira lamulo la maphunziro apamwamba pa koleji imene iye mwini anaphunzirapo, ku San Marcos. Lamuloli linati mabanki azikongoza ophunzira, ndipo wophunzira akalephera kubweza, boma lidzabwezera banki. Mu 1972 kunawonjezedwa thandizo losabweza la ana a mabanja osauka, limene pambuyo pake linapatsidwa dzina la phungu Claiborne Pell. Ca pakati pa zaka za m'ma 1970, thandizo la Pell linkakwanira magawo oposa atatu mwa anayi a mtengo wonse wophunzirira pa yunivesite ya boma. Ngongole inali ndiwo yongowonjezera. Nsima yeniyeni inali misonkho ya cigawo ndi thandizo losabweza.

Mphepo itembenuka

Koma panali kale maganizo ena. Mu 1955 katswiri wa zacuma Milton Friedman analemba kuti kuphunzira nchito yapamwamba kuli ngati kugula makina: amene adzadye phindu lake ndiye ayenera kulipira. Poyamba anthu ocepa anamvera. M'zaka za m'ma 1960 ophunzira anayamba zionetsero zazikulu, makamaka pa yunivesite ya Berkeley, zofuna ufulu wolankhula ndi zokana nkhondo ya ku Vietnam, ndipo okhoma msonkho ambiri anakwiya. Ronald Reagan anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa California atalonjeza kukonza cisokonezo ca ku Berkeley. Atangolowa mu 1967 anapempha kuti ophunzira ayambe kulipira, nanena kuti si nchito ya okhoma msonkho kulipirira munthu amene akuphunzira cifukwa congofuna kudziwa zinthu. Mu 1970 yunivesite ya California inaika malipiro atsopano, ndipo kuyambira pamenepo anali kukwera.

Zina zinatsatira. Mzinda wa New York utatsala pang'ono kugwa pa cuma, makoleji ake anasiya kuphunzitsa mwaulere mu 1976. Mu 1978 anthu a ku California anavota kuti msonkho wa nyumba ndi malo ucepetsedwe kwambiri, ndipo zigawo zina zinatengera. Tsono taonani mmene zinkayendera. Cuma cikavuta, boma la cigawo silingatseke ndende, silingasiye kulipira zacipatala, silingathamangitse ana a pulaimale. Koma yunivesite ili ndi pothawira: ingakweze fizi. Conco nthawi iliyonse ya mavuto, aphungu ankadula ndalama za mayunivesite, mayunivesite nakweza fizi, ophunzira nakongola zoculukirapo. Zinthu zikayambanso kuyenda bwino, fizi sinkatsikanso kubwerera pakale.

Kudula kwakukulu kunabwera ndi kugwa kwa cuma kwa mu 2008. Pa zaka 10 zotsatira, fizi ya m'mayunivesite a boma inakwera ndi kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, ngakhale titacotsapo kukwera mitengo kwa zinthu zonse. Tikayang'ana zaka 30, kucokera 1993 kufika 2023, fiziyo inawirikiza kawiri ndi kupitirirapo. M'caka ca sukulu ca 2023 mpaka 2024, fizi yolembedwa pa yunivesite ya boma inali pafupifupi madola 11,260 kwa mwana wa m'cigawo momwemo, ndipo pa makoleji amene si a boma inali pafupifupi madola 41,540. Apa sitinawerengere cakudya, pogona ndi mabuku. Nalo thandizo la Pell linatsalira m'mbuyo, moti m'zaka za posacedwapa silinkakwanira ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu.

Kudula kwa zigawo si cifukwa cokhaco. Makoleji nawonso anaculukitsa maofesi ndi anchito osaphunzitsa, namanga nyumba zogona ndi mabwalo a masewero okongola pofuna kukopa ophunzira. Mu 1987 nduna ya maphunziro William Bennett inadzudzula makoleji kuti amakweza fizi podziwa kuti boma likongozabe ophunzira, ndipo akatswiri akhala akutsutsana pa mfundo imeneyi kucokera nthawi imeneyo. Pa nthawi yomweyo nchito za m'mafakitale, zimene kale zinkadyetsa banja la munthu wopanda digiri, zinali kutha. Acinyamata anauzidwa ndi makolo, aphunzitsi ndi andale omwe kuti popanda digiri palibe tsogolo. Ndiye mwana wa zaka 18 akanacita ciani? Ankasaina basi.

Ngongole imene sifafanizika

Ku Amereka kuli lamulo lakuti munthu amene wamira mu ngongole zoposa mphamvu zake angapite ku khothi. Katundu wake wina amagulitsidwa, ngongole yotsala imafafanizidwa, ndipo iye amayambanso moyo. Wabizinesi amene wagwa amathandizidwa motero, ngakhalenso amene anawononga ndalama pogula zosafunika. Kufikira 1976 wophunzira nayenso anali ndi mwayi womwewo.

M'caka cimeneco aphungu, poopa kuti madokotala ndi maloya acinyamata azithawa ngongole atangomaliza sukulu, analamula kuti ngongole ya sukulu isafafanizidwe zisanathe zaka 5. Mu 1990 anatalikitsa kufika zaka 7. Mu 1998 anacotseratu malire a zakawo, ndipo mu 2005 lamuloli linakhudzanso ngongole za sukulu zocokera ku mabanki wamba. Kanatsala kakhomo kakang'ono kwa amene angatsimikizire woweruza kuti ali pa mavuto osapiririka, koma olowera pamenepo akhala ocepa. Munthu akasiya kulipira, boma lili ndi mphamvu yodula mpaka 15 peresenti ya malipiro ake popanda kupita ku khothi. Paja amati mlandu suola. Ngongole imeneyi ndiye siola ndithu.

Tiwerengere limodzi, pakuti masamu awa mungawalembe pa bolodi m'kalasi mwanu. Tinene kuti mtsikana wamaliza sukulu ndi ngongole ya madola 30,000, imene ili pafupi ndi imene omaliza digiri yoyamba okongola amatuluka nayo. Ciwongola dzanja cikhale 6 peresenti pa caka. Ndiye kuti caka ciliconse ngongole imabereka madola 1,800, kapena 150 pa mwezi. Malipiro ake ndi ocepa, conco waloledwa kupereka madola 100 okha pa mwezi. Mwezi uliwonse pakutsala 50 yosalipidwa. Pakutha zaka 10 iye wapereka madola 12,000 osaphonya mwezi ndi umodzi womwe, koma ngongole yake yafika 36,000. Si katapila wa pamsika ayi, ciwongola dzanja cake n'cocepa poyerekeza. Koma mtima wa munthu amene akulipira cinthu cimene cikungokula ndi umodzimodzi kulikonse.

Mwa njira zotere ngongole ya sukulu inaposa ngongole ya makadi a ku banki mu 2010, ndipo mu 2012 inadutsa mabiliyoni 1,000 a madola. Mu 2010 momwemo boma la Barack Obama linacotsa mabanki pakati n'kuyamba kukongoza lokha. Wokongoza anasintha, koma wosenza anakhala yemweyo.

Amene anapwetekeka koposa

Apa tinene zoona mbali zonse. Ambiri amene anamaliza digiri amalandira malipiro oposa a anzawo amene sanapite ku koleji, ndipo ngongole yawo amabweza bwinobwino. Ophunzira ambiri salipira fizi yonse yolembedwa, cifukwa amacotseredwako. Ndiponso kuyambira ca m'ma 2020 fizi sinakwere mofulumira ngati mitengo ya zinthu zina.

Codabwitsa n'cakuti amene amalephera kubweza kawirikawiri si a ngongole zazikulu. Dokotala wa ngongole yaikulu ali ndi malipiro obwezera. Amene amagwa ndi uja anakongola zosakwana madola 10,000, naphunzira caka cimodzi kapena ziwiri, n'kusiya cifukwa ca matenda, mwana kapena kusowa ndalama ya lendi. Ameneyo ngongole ali nayo koma satifiketi alibe.

Ena anagwa m'manja mwa makoleji a malonda, amene colinga cawo cinali phindu. Ankalengeza pa wailesi yakanema usana ndi usiku, kulonjeza nchito zabwino kwa amayi olera okha ana, asilikali opuma ndi anthu amene m'banja mwawo munalibe amene anafikapo ku koleji. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Kampani ya Corinthian Colleges inagwa mu 2015 itapezeka kuti inkanama za ciwerengero ca ophunzira ake opeza nchito, ndipo ITT Technical Institute inatseka mu 2016. Anthu a ku Corinthian anadikira mpaka Juni 2022 kuti boma lifafanize ngongole zawo zonse: anthu 560,000, mabiliyoni 5.8 a madola.

Bala la tsankho lija linaonekeranso. Mabanja a anthu akuda, amene kwa mibadwo anatsekerezedwa kugula nyumba ndi kusunga cuma, analibe coti apatse ana awo, conco anawo ankakongola zambiri. Kafukufuku wa bungwe la Brookings mu 2016 anapeza kuti omaliza digiri akuda ankatuluka ndi ngongole yoposa ya azungu ndi madola 7,400, ndipo patatha zaka 4 kusiyanako kunkafika pafupifupi 25,000. Komanso pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ngongole yonse ya sukulu anali pa mitu ya akazi.

Mkangano wa kukhululuka

Mu 2007 kunakhazikitsidwa lamulo lakuti aphunzitsi, anamwino ndi ena otumikira anthu akalipira kwa zaka 10, yotsalayo ikhululukidwe. Oyamba atafika pa zaka 10 zija n'kupempha, pafupifupi 99 mwa 100 alionse anakanidwa, ambiri cifukwa ca mapepala ndi malamulo ang'onoang'ono amene sanawafotokozeredwe bwino. Onani, abale: awa anali anthu a madigiri, koma pepala linawagonjetsa.

Mliri wa Covid-19 utafika mu Malici 2020, boma linaimitsa kulipira konse, ndipo kunayambiranso mu Okutobala 2023. Mu Ogasiti 2022 Pulezidenti Joe Biden analengeza kuti adzafafaniza madola 10,000 kwa wokongola aliyense wa malipiro osapitirira malire ena, ndi 20,000 kwa amene analandirapo thandizo la Pell. Ambiri anasangalala. Ena anafunsa funso limene silopusa: nanga woyendetsa lole amene sanapite ku koleji, kapena mayi amene anadzimana n'kumaliza kubweza yake, alipiriranji ngongole ya wina? Pa 30 Juni 2023 khothi lalikulu linagamula, oweruza 6 kutsutsana ndi 3, kuti pulezidenti analibe mphamvu yocita zimenezo popanda aphungu. Podzera m'malamulo ena akale, boma la Biden linakhululukirabe anthu oposa 5 miliyoni pofika Januwale 2025. M'caka ca 2025, pansi pa Pulezidenti Donald Trump, boma linayambanso kutolera kwa olephera kubweza, ndipo lamulo latsopano la mu Julayi linaika malire pa ndalama zimene makolo ndi ophunzira madigiri apamwamba angakongole.

Pa mkangano wonsewu tione cinthu cimodzi. Kukhululuka kumathandiza amene anakongola kale, malire amacepetsa zimene mwana angakongole mawa, koma zonse ziwiri sizikhudza funso loyamba lija, lakuti denga lisenzedwe ndi angati.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Wina anganene kuti za ku Amereka n'zakutali, ife tikulimbana ndi a, e, i, o, u. Inde. Koma amayi ndi abambo amene akhala pa mabenci a makalasi athu ali ndi ana amene akumaliza sekondale. Kuyambira zaka za m'ma 1990 m'dziko mwathu muno munatsegulidwa mayunivesite olipira, ndipo anansi athu anakhazikitsa mabungwe okongoza ophunzira, Malawi mu 2015 ndi Zambia mu 2016. Tsiku lina mwana adzabwera ndi pepala kunyumba, kaya la ku banki, kaya la ku sukulu, n'kunena kuti, “Amayi, sainani apa.” Kale mayi ameneyo akanadinda cala. Lero, cifukwa ca nchito yanu, adzalemba dzina lake. Koma kulemba dzina pansi pa mawu amene sunawamvetse sikusiyana ndi kudinda cala.

Conco tikupempha kuti m'mwezi uno mupatule tsiku limodzi la nkhani imeneyi. Lembani pa bolodi masamu a mtsikana uja, musinthe madola akhale meticais, ndipo ophunzira awerengere okha. Kenaka alembe m'makope mwawo mafunso awa, oti azifunsa asanasaine pepala lililonse la ngongole:

1. Kodi ndikamaliza kubweza, ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi?
2. Kodi ciwongola dzanja ciyamba kuwerengedwa liti, lero kapena mwana akamaliza sukulu?
3. Nanga mwana akadwala, akasiya sukulu kapena akasowa nchito, cidzacitika n'ciani?
4. Kodi sukuluyi ndi yovomerezeka ndi boma, ndipo amene anamaliza kumeneko ali kuti?

Funso lacisanu n'loti mukambirane pamodzi, ndipo musafulumire kuliyankha inu atsogoleri. Mwana wa m'mudzi mwanu akaphunzira unamwino, amapindula ndi iye yekha kapena mudzi wonse? Ngati ndi mudzi wonse, ayenera kumlipirira ndani? Mayankho a makalasi anu muwalembe ndi kutitumizira.